Muimba Wotsata Msewu wa Tala

Anthu a mumsewu umene ankakhala ankamutchula Wamiimba, ndipo iye anasiya kalekale kulimbana nalo dzinalo. Anali bambo wophunzira kwambiri, wa kamimba kotsogola ndi magalasi okhuthala, ndipo ntchito yake inali kufufuza za miimba, mbalame zodya nyama zakufa zija, zimene masiku ano zikutha mwakachetechete. Akayamba kufotokoza ntchitoyi paukwati, anthu ankagwedeza mutu mwaulemu kenako n'kukankhira mbale zawo patali pang'ono. Apongozi ake ankangouza anzawo kuti mkamwini wawo ali ku zouluka, ndipo wina akaganiza za ndege, iwo sankamukonza.

Ofesi ya bungwe lawo inali zipinda ziwiri pamwamba pa shopu yogulitsa matayala. Munali mapu aakulu pakhoma, fani yolira ngati ikudandaula, ndi matebulo atatu: la bwana, la Wamiimba, ndi la mayi wina wowerengera zotsatira za kafukufuku, amene onse ankamutcha Namasamu. Mayiyu anali wosalankhulalankhula. Akamva zinthu zopanda mutu sankatsutsa. Ankangovula magalasi ake n'kuyamba kuwapukuta, ndipo Wamiimba ankadana nako kupukuta kumeneko kuposa kutukwanidwa.

Chaka chimenecho anthu othandiza bungweli anawatumizira kachipangizo kamodzi kolondolera mbalame. Kanali kakang'ono ngati sopo wotsala theka, kokhala ndi sola pamwamba. Kamamangidwa kumsana kwa mbalame ndi timalamba, ngati chikwama cha mwana wasukulu, ndipo kangapo patsiku kamatumiza uthenga ku kompyuta wonena pamene mbalameyo ili. Kanali kotchipa: kankanena malo okha, osanena ngati mbalameyo ili m'mwamba kapena pansi.

Kugwira muimba si ntchito yaulemu. Anabisala m'kachisakasa pafupi ndi ng'ombe yakufa, dzuwa likuwaphika, ntchentche zikuwalowa m'makutu, mpaka mbalame imodzi yaikulu inakodwa. Amene anapita kukaphunzira kamangidwe ka timalamba tija anali Namasamu. Koma tsikulo kunabwera wojambula wa nyuzipepala, ndipo Wamiimba ataona kamera, manja anamuyabwa.

"Achemwali, gwirani mutuwo," anatero. "Zomangazi ndisiyireni."

"Mwasiya mpata waukulu pachifuwapo," Namasamu ananong'ona.

"Mbalame iyenera kupuma," anayankha Wamiimba, mokweza kuti wa nyuzipepala alembe. Wa nyuzipepala analembadi.

Mbalameyo inali yadazi, ya khosi lalitali, ndipo inkayang'ana nyama ya anzake ndi diso limodzi, ndendende ngati malume ake a Wamiimba akafika kudzacheza nthawi ya chakudya. Choncho anaitcha Malume, ndipo dzinalo linakhazikika ku ofesi ndi kunyumba komwe.

Miyezi yoyamba Malume ankachita zimene miimba imachita. Kadontho kofiira kankazungulirazungulira pamapu a pakompyuta, lero kutchire, mawa kumapiri, popanda dongosolo loti munthu n'kulembapo nkhani. Ndiye tsiku lina kanaima m'mphepete mwa famu ina ya ng'ombe, kutali kwambiri, n'kukhala pomwepo osasuntha. Wamiimba chakudya chinasiya kumulowa. Kwa munthu wa ntchito yake, kadontho kosasuntha kamatanthauza poizoni kapena waya wa magetsi. Galimoto ya bungwe inali kugalaja, ndipo ali mkati mopemphapempha ina yobwereka, kadontho kaja kanadzuka n'kuyamba kuyenda.

Kanayenda mosiyana ndi kale. Kanalowa mumsewu waukulu wa tala n'kuutsatira mpaka ku mzinda wina wa mafakitale, kenako n'kubwerera ndi msewu womwewo. Mlungu wotsatira, chimodzimodzi. Wamiimba anayang'ana mzere umenewo mpaka maso kuwawa, ndipo yankho linamupeza m'mawa wina akusamba. Anatuluka m'bafa sopo ali m'makutu n'kupeza mkazi wake, amene anali namwino, akusita yunifolomu.

"Amayi, ndapeza. Malume asiya kusaka kutchire. Akutsata msewu, akudya agalu ndi mbuzi zogundidwa ndi galimoto. Mbalame ikusintha khalidwe kuti mtundu wake usathe. Palibe amene analembapo zimenezi."

"Mangani bwino thaulolo, a katswiri," mkaziyo anatero osadzutsa mutu. "Makatani ndatsegula kale."

Analemba nkhaniyo ndi mtima wake wonse. Inatuluka m'magazini ya akatswiri a mbalame, ndipo nyuzipepala ija inaitenga n'kuisindikiza pamodzi ndi mapu. A wailesi anamuitana, iye n'kukanena mawu akuti "muimba wamakono", amene anawakonda kwambiri moti anawabwereza mpaka wofunsayo anachita kumudula. Ku msonkhano wa akatswiri anagula jekete yatsopano. Apongozi ake, kwa nthawi yoyamba, anatchula mawu akuti muimba pagulu.

Kunyumba, mkazi wake akamaika tiyi patebulo ankafunsa, "Malume afika pati lero?" Iye ankatsegula foni n'kuyankha ngati akunena za m'bale weniweni amene ali paulendo.

Namasamu anapukuta magalasi kwa miyezi, ndipo tsiku lina, bwana atatuluka, anakoka mpando n'kukhala pambali pa Wamiimba.

"Akulu, ndifunseko. Mbalameyi sinakhotepo pamene msewu sunakhote."

"Chakudya chake chili pamsewupo. Ikhoterenji?"

"Lamulungu siyenda."

"Lamulungu galimoto zimachepa, ndiye zogundidwa zimachepanso. Ikusunga mphamvu."

"Nanga apa?" Namasamu analoza pamapu. "Ulendo uliwonse imaima apa. Ndafufuza, ndi pasikelo pamene amayezera malole."

"Pamene pali malole pali anthu ogulitsa nyama yootcha. Pamene pali nyama pali zotaya."

"Komatu imaima nthawi yaitali kukakhala kumapeto kwa mwezi, mzere ukatalika."

"Achemwali," anatero Wamiimba mwachifundo, ngati mphunzitsi kwa mwana wolimbikira koma wosamva, "inu mumadziwa manambala. Ine ndimadziwa mbalame."

Namasamu anabwerera patebulo lake. Wamiimba anamva kanthu kakumuwotcha pachifuwa, kamene kanali kakumuwotcha kwa masabata angapo akamayang'ana mapu aja. Anaganiza kuti ndi chilungulira, ndipo anapempha mkazi wake kuti amubweretsere mankhwala kuchipatala. Mankhwalawo sanathandize.

Nkhaniyo inakula kuposa mwini wake. Anthu othandiza aja analemba kuti akufuna kutumiza ojambula kanema adzajambule Malume akudya m'mphepete mwa msewu. Bwana anasangalala mpaka kukonzetsa galimoto, ndipo anauza awiriwo kuti atsogole akapeze pamene mbalameyo imagona mu mzinda wa mafakitale uja, kuti alendowo asadzavutike.

Anafika Lamulungu masana, tsiku limene Malume sankayenda. Dera lake linali la nyumba zosungiramo katundu, mipanda ya malata, fumbi la simenti ndi agalu ogona pansi pa ngolo. Kachipangizo kaja kankatulutsanso kaphokoso kamene munthu amakamva akafika pafupi, pogwiritsa ntchito eriyo yam'manja yooneka ngati minga ya nsomba. Namasamu ananyamula eriyo n'kuvala zomvera m'makutu. Wamiimba anavala chipewa chake cha kutchire n'kukoleka zoonera patali m'khosi.

M'nkhani yake analemba kuti Malume ayenera kuti amagona pa nsanja za magetsi za m'derali. Ndiye anayenda nkhope ili kumwamba, akuyang'ana nsanja iliyonse, thanki iliyonse, denga lililonse. Anaona nkhunda. Anaona khwangwala mmodzi ndi jumbo yakuda yokodwa pawaya, imene anaiyang'anitsitsa ndi chiyembekezo kwa kanthawi ndithu. Anapunthwa pa tayala, kenako analowetsa phazi m'ngalande.

"Kukumveka kuno," Namasamu anatero, eriyo italoza geti ya malo oimikapo malole.

"Kwezani m'mwamba."

"Ndikakweza kukuchepa, akulu."

Mlonda anawalola kulowa, akuganiza kuti ndi okonza ma TV. Anadutsa pakati pa malole oimikidwa mondondozana, phokoso lija likukula mpaka Wamiimba ankalimva kuchokera m'makutu a mnzakeyo, thi, thi, thi. Iye anali akuyang'anabe kumwamba, ngakhale kuti kumwambako kunalibenso kanthu koti mbalame n'kuterapo. Namasamu anaima patsogolo pa lole ina yabuluu, natsitsa eriyo. Wamiimba anatsitsa mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene khosi lamuuma.

Kuseri kwa galasi lakutsogolo, pa kalilole woonera kumbuyo, pamodzi ndi maluwa apulasitiki ndi kansapato ka mwana wakhanda, pankalendewera kachipangizo kaja. Timalamba take tinali todulidwa. Sola yake inali yopukutidwa bwino, ikunyezimira ndi dzuwa.

Chilungulira chija chinatha nthawi yomweyo, ndipo m'malo mwake munabwera chinthu chozizira.

Dalaivala wa loleyo anali kumbali kwake, atakhala pa chigubu, akuwiritsa madzi pa kambaula ka gasi. Anali chimunthu chachikulu cha mawu ofatsa, chovala vesiti ndi masilipasi. Ataona eriyo ndi chipewa anaimirira mwaulemu n'kuyamba kufufuza mapepala a galimoto m'thumba.

"Ayi, achimwene, sife a pamsewu," Wamiimba anatero, mawu akutuluka aang'ono. "Timangofuna kufunsa za kanthu kali pagalasi kaja. Munakapeza kuti?"

Nkhope ya dalaivalayo inasintha. "Kaja? Bwana, nkhani yake ndi yomvetsa chisoni. Khalani pansi." Anawapatsa zigubu ziwiri.

Anafotokoza kuti miyezi ingapo yapitayo lole inamuwirira injini pafupi ndi famu ina ya ng'ombe. Akudikira kuti izizire, anamva chinthu chikuphiriphitha pampanda wa waya waminga. Atayandikira anapeza chimbalame chachikulu chikulendewera, lamba wa pachifuwa atakodwa pa waya, phiko limodzi litapindika. Chinali chitafooka, mlomo uli yasa, ndipo pansi pake panali nthenga zambiri zosonyeza kuti chakhalapo nthawi.

"Ndinachiphimba ndi jekete n'kudula malambawo ndi mpeni. Kuthokoza kwake ndi uku." Anaonetsa chipsera chachitali pamkono. "Chinandisanziranso. Jekete imeneyo ndinaitaya, koma fungo lake linakwera nane lole mpaka kuno."

"Chinauluka?" anafunsa Namasamu.

"Osati nthawi yomweyo, madamu. Ndinachithirira madzi m'chivindikiro cha ndowa, chinamwa. Kenako chinathamanga ngati munthu wothamangira basi, n'kunyamuka." Anapukusa mutu. "Koma chimene chimandipweteka mpaka lero ndi munthu amene anachita zimenezi. Munthu wamkulu, wa nzeru zake, kugwira mbalame yosalakwa n'kuimanga katundu kumsana. Ndiye kumanga kwakenso kosadziwa, lamba wolowa chibakera changa chonse. Ine ndimamanga katundu tsiku lililonse, bwana, ndikamanga chonchija andichotsa ntchito. Munthu ameneyo nditamupeza, ndingamumange thumba la simenti kumsana ayende nalo mlungu wathunthu, aone kukoma kwake."

"Anthu ena alibe chisoni," Wamiimba anadzimva akunena.

Namasamu anavula magalasi, anawayang'ana, kenako anawavalanso osapukuta. Mwina anaona kuti munthuyu zamukwanira.

Dalaivala anatulutsa foni. Anali atajambula kanema wamfupi atatha kudula malamba, kuti akaonetse ana ake. Chithunzi chinkagwedezeka, mphepo ikuwomba m'maikolofoni, koma Wamiimba anaizindikira mbalameyo nthawi yomweyo: dazi lija, khosi lija, diso limodzi lija loyang'ana cham'mbali. Inaima pa udzu wouma, nthenga zili nyankhalala, ikuoneka yokalamba ndi yokwiya. Inathamanga mopepesuka, inatambasula mapiko, ndipo inakwera, inakwera, mpaka inasanduka kadontho kakuda kamene foniyo inalephera kukatsata.

Wamiimba anapempha kuti aonenso. Ulendo wachiwiri magalasi ake anachita nthunzi. Miyezi yonseyi ankauza dziko kuti akudziwa pamene Malume ali ola lililonse, chonsecho Malume anatsala pang'ono kufera pampanda chifukwa cha lamba wake, ndipo anapulumutsidwa ndi munthu amene injini inamuwirira. Tsopano mbalameyo inali kwinakwake kumene iye sakanakudziwa, ndipo anadabwa kuona kuti pansi pa manyazi onsewo panali chimwemwe.

"Achimwene," anatero, akubweza foniyo, "thumba la simenti lija muli nalo pafupi?"

Dalaivala sanamvetse.

"Munthu mukumufunayo ndine. Ndinamanga ndine malambawo."

Madzi anali akubwata pambaula. Chimunthu chija chinayang'ana chipewa, chinayang'ana kamimba, chinayang'ana phazi lonyowa ndi madzi a m'ngalande, ndipo manyazi anachigwira kuposa mwini mlandu.

"Bwana, pakamwa panga pamathamanga. Mwinatu lambayo anachita kutamuka ndi dzuwa."

"Sanatamuke."

"Ndiye imwani tiyi," anatero dalaivala, akutenga makapu.

Akumwa tiyi wa shuga wambiri m'makapu apulasitiki, Namasamu anamufotokozera dalaivalayo chimene kachipangizoko kali ndi chifukwa chake amamanga mbalame: kuti miimba ikutha, kuti ikatha nyama zakufa zimawolera paliponse n'kubweretsa matenda, ndipo kuti munthu sangaiteteze asakudziwa kumene imapita. Dalaivala anamvetsera mwachidwi. Anati iye anakasunga poganiza kuti sola yake ingathe kutchaja foni, koma atalephera kupeza polumikizira foniyo, anangokakoleka chifukwa kanali kokongola. Kenako anaima pakati pa chiganizo.

"Mwati kamanena pamene mbalame ili?"

"Kangapo patsiku."

"Ndiye miyezi yonseyi mwakhala mukuona pamene ine ndili?"

"Eya."

"Paliponse?"

Wamiimba anakumbukira ndime ina m'nkhani yake imene ankainyadira kwambiri. Analemba kuti pakati pa mlungu Malume amapatuka pamsewu waukulu n'kukagona m'katauni kena kakang'ono, ndipo anakatcha malo ogona achiwiri, umboni wakuti muimba wamakono umadziwa kusunga nyumba ziwiri. Pamapu a m'nyuzipepala malowo anawazunguliza ndi mzere wofiira.

"Kumene kujatu kuli achemwali anga," anatero dalaivala, ngakhale kuti panalibe amene anamufunsa. "Amadwaladwala."

"Pepani," anatero Namasamu. "Muwapatse moni."

"Mapu amenewo anthu ambiri anawaona?"

"Nyuzipepala imodzi yokha," Wamiimba anayankha. "Ndipo pamapupo panalembedwa kuti ndi mbalame."

Dalaivala anapuma mozama. Anakwera m'lole, anamasula kachipangizo kaja mofulumira kwambiri, n'kukapereka ndi manja awiri. Anapatsananso manambala a foni, ndipo anawalongosolera pamene panali mpanda uja: akadutsa mlatho wa njanji, aone thanki ya madzi yopendekeka.

Ulendo wobwerera m'mawa mwake, Namasamu ndiye ankayendetsa. Sananene chilichonse za sikelo, za Lamulungu, kapena za mpata wa pachifuwa. Anayatsa wailesi, anagula nthochi panjira, anamugawira. Wamiimba anapirira mpaka dzuwa kufika pamutu.

"Achemwali, nenani basi."

"Ndinene chiyani?"

"Kuti munandiuza."

"Mukudziuza nokha bwinobwino, akulu. Ndikumva kuchokera kuno."

Anapeza thanki yopendekeka ija n'kuimitsa galimoto. Mpandawo unali wa mizere isanu ya waya waminga, wautali mpaka kumene maso amathera. Kuseri kwake, pafupi kwenikweni ndi waya, kunali dzenje lalikulu limene a pafamupo ankatayamo ng'ombe zakufa. Wamiimba anaona vutolo asanatsike n'komwe. Muimba ukakhuta umalemera, ndipo umafuna bwalo lothamangirapo usananyamuke. Apa bwalo lake linali mpanda.

Anayenda m'mbali mwa wayawo, ulendo uno maso ali pansi. Mu udzu munali nthenga zazitali zoderako, mafupa a mapiko, ndi zigaza za milomo yokhota. Penapake phiko lathunthu linali likadali pa waya, louma, likugwedezeka ndi mphepo. Mbalame zimenezi zinalibe malamba a munthu aliyense. Zinangokodwa, ndipo panalibe lole imene inawirira injini tsiku lawo. Wamiimba anavula chipewa chake cha kutchire, chimene mwadzidzidzi chinamuonekera chopusa, ndipo awiriwo anagwira ntchito mpaka madzulo, akujambula ndi kutola zimene anapeza.

Woyang'anira famuyo anali munthu wotanganidwa amene sankadziwa n'komwe kuti mpanda wake ukupha mbalame. Sanakonde kuuzidwa zochita pamalo pake, ndipo panatenga maulendo angapo ndi makalata a bwana kuti avomere. Pamapeto pake anakwirira dzenjelo n'kukumba lina pakati pa dambo, kutali ndi waya, makamaka chifukwa Namasamu anamusonyeza kuti miimba ikumuchotsera zowola kwaulere.

Koma zimenezo zinachitika pambuyo pake. Choyamba Wamiimba anayenera kufika kunyumba. Anapeza mkazi wake akusenda anyezi, ndipo anaika kachipangizo kaja patebulo la kukhitchini.

"Awa ndi Malume," anatero. "Amanyamula simenti."

Anafotokoza zonse ataimirira, ngati mwana amene wabwezedwa kusukulu. Mkaziyo anayesetsa ndithu. Analuma mlomo pa nkhani ya sikelo, anapirira pa thumba la simenti, koma atafika pa achemwali odwaladwala aja anasiya mpeni, anatsamira firiji, n'kutsetsereka mpaka kukhala pansi, misozi ikuyenderera, ndipo sinali ya anyezi. Atapeza mpweya anafunsa, "Koma mbalame yeniyeniyo ili moyo?"

"Inauluka."

"Ndiye sambani mudye, bambo. Anthu alakwitsapo zazikulu kuposa apa, ndipo ena mwa iwo timawaona kuchipatala atavala mataye."

Bwana sanaseke. Ojambula kanema anauzidwa kuti asabwere, ndipo Wamiimba analembera magazini ija kalata yochotsa nkhani yake, imene anailemba kambirimbiri pofunafuna njira yaulemu yonenera kuti mbalameyo inali lole. Njira yotero sinapezeke. Akatswiri anzake anamutumizira mauthenga omulimbikitsa, ndipo ambiri mwa mauthengawo ankathera ndi funso lakuti matayala akugula bwanji masiku ano. Anyamata a pashopu ya pansi anayamba kumupatsa moni womuyimbira hutala ya lole akamakwera masitepe. Apongozi ake anabwerera ku zouluka.

Nkhani yachiwiri, ya mipanda ndi maenje otayamo ng'ombe, anailemba ndi Namasamu, dzina la mayiyo lili patsogolo. Inali yaifupi, yopanda mawu okometsera, ndipo a wailesi sanaimbe foni. Mafamu ena awiri anaiwerenga n'kusuntha maenje awo. Pamene anagwiranso muimba wina kuti amange kachipangizo kaja, Wamiimba anagwira mutu, ndipo mbalameyo inamusanzira pa jekete ya ku msonkhano ija, imene anaivala chifukwa kunali mphepo.

Dalaivala uja sanawaiwale. Anadziika yekha pa udindo woyang'anira mlengalenga wa msewu wonse, ndipo foni ya Wamiimba inayamba kulandira zithunzi nthawi iliyonse: akhwangwala, akabawi, ndege yaing'ono, ndi kamodzi chala chake chomwe. Anauzanso madalaivala anzake, moti zithunzi zinachuluka, ndipo mwa zambirimbirizo zingapo zinalidi za miimba, m'malo amene bungweli silinkawadziwa. Wamiimba ankayankha chilichonse mwaulemu, ngakhale cha chala chija.

Tsiku lina masana foni inalira ali ku ofesi. Kumbuyo kunkamveka injini.

"Bwana, ndawaona a Malume. Ali pamtengo wouma, pafupi ndi mlatho wa njanji, ali ndi anzawo."

"Mwadziwa bwanji kuti ndi iwowo, achimwene? Miimbatu imafanana."

"Anandiyang'ana."

Wamiimba anatsegula pakamwa kuti afotokoze kuti kafukufuku sayenda choncho, kuti munthu sangamange mfundo pa zimene mtima wake ukufuna kuona. Anayang'ana kutebulo linalo. Namasamu anali atasiya kulemba, akudikira kuti amve mmene mnzakeyo anenere zimenezi.

"Imani pambali bwinobwino, musayendetse mukulankhula," anatero Wamiimba. "Mwati ali ndi anzawo angati?"